Mano ofiira a ku Colorado

M'chaka cha 1901, mnyamata wina wongomaliza kumene maphunziro a udokotala wa mano, Frederick McKay, adafika m'tauni ya Colorado Springs ku America kukayamba ntchito. Sipadatenge nthawi kuti aone zodabwitsa. Anthu ambiri obadwira kumeneko, makamaka ana, anali ndi mano a mawangamawanga ofiira, ena ochita kuda ngati opaka matope. M'mabuku omwe adawerenga kusukulu munalibe nkhani imeneyi. Eni mudzi anali ndi mayankho awo: ena ankati ndi nyama ya nkhumba yodya mopitiriza, ena ankaloza mkaka.

McKay sadakhutire. Mu 1909 adakwanitsa kukoka katswiri wotchuka wa za mano, G. V. Black, kuti abwere adzadzionere yekha. Kuunika ana a m'masukulu kudaonetsa kuti pa ana 10 alionse obadwira m'tauniyo, pafupifupi 9 anali ndi mawangawo. Awiriwa adapezanso zinthu ziwiri. Choyamba, vutoli limayamba mano akadali m'nkhama, asanamere. Munthu wobwera m'tauniyo atakula kale sankaligwira. Chachiwiri ndi chomwe chimandizunguza mutu mpaka lero: mano onyansawo ndiwo sankabowoka wamba.

Mu 1923 makolo a ku Oakley, m'chigawo cha Idaho, adamuuza McKay kuti mano a ana awo adayamba kufiira chikhazikitsireni mapaipi otenga madzi ku kasupe wina wofunda. Iye analibe umboni wa m'labotale, koma adawalangiza kuti awasiye madziwo. Anthu adamvera, ndipo patapita zaka zingapo ana ang'onoang'ono adamera mano oyera. Mfiti inali m'madzi, koma dzina lake silinkadziwika.

Dzinalo lidatuluka mu 1931. Ku Bauxite, tauni ya migodi ku Arkansas, ana analinso ndi mano otere. Katswiri wa kampani ya ALCOA, H. V. Churchill, adayeza madzi a kumeneko ndipo adapeza kuti muli mchere wotchedwa fluoride wochuluka zedi. Madzi ochokera kumadera ena a mano ofiira adaonetsanso zomwezo. Taganizani, zaka 30 munthu akufunsa funso limodzi!

Kenako H. Trendley Dean, dokotala wa mano wa boma, adalitembenuza funsolo. Ngati fluoride wambiri amadetsa mano koma n'kumawateteza, kodi palibe mlingo woti ateteze osadetsa? Atayerekezera ana a m'mizinda yosiyanasiyana, adapeza kuti mlingowo uli cha pa miligalamu imodzi pa lita ya madzi. Pa 25 Januwale 1945, mzinda wa Grand Rapids ku Michigan udakhala woyamba padziko lonse kuthira dala fluoride m'madzi a m'mipopi. Ana asukulu pafupifupi 30,000 ankayasamula pamaso pa madokotala chaka ndi chaka. Patatha zaka 11, kubowoka kwa mano pakati pa ana obadwa ntchitoyi itayamba kunali kutatsika ndi maperesenti oposa 60. M'zaka za m'ma 1950 fluoride adalowanso m'mankhwala otsukira mano, omwe ife timangowatchula onse kuti Colgate.

Nkhani yake ndi yosavuta. Mwana akadya switi, bisiketi kapena firizesi pa buleki, mabakiteriya a m'kamwa amadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula pang'onopang'ono chikuto cholimba cha dzino mpaka pachite kabowo. Fluoride amathandiza dzino kubweza zomwe lataya, komanso kulimba pamaso pa asidiyo. Koma akachuluka m'thupi la mwana pomwe mano akupangika, chikutocho chimapangika molakwika, ndiye mawanga aja.

Ndalemba izi chifukwa kwathu kuno mbali zonse ziwiri zilipo. Miyala ya m'madera ena, monga cha ku Nathenje ku Lilongwe ndi mbali zina za Machinga, imatulutsa fluoride wambiri m'madzi a pamjigo, kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita omwe bungwe la WHO limalangiza. Mwana wa kumeneko anzake amamuseka kuti satsuka m'kamwa, mpaka amaphunzira kuseka atagwira pakamwa. Chonsecho si uve ayi. Ngakhale atakwecha ndi mswachi mpaka nkhama kutuluka magazi, mawangawo sachoka, ndipo kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Pomwe m'tauni, mwana wa mano oyera mbee akulephera kulemba mayeso chifukwa dzino lam'gonetsa maso usiku wonse, ndipo kuchipatala amafika mochedwa, nthawi yoti chatsala n'kuzula basi.

Chomwe ndimatolapo pa mbiriyi n'chakuti zonse zidayamba chifukwa wina adapita kusukulu, n'kuyang'ana m'kamwa mwa ana, n'kuwerenga. M'mera mpoyamba. Mjigo uliwonse womwe ana amamwapo uyenera kuyezedwa fluoride usanatsegulidwe. Ndipo kunyumba, mng'ono wanu uja atsuke m'kamwa kawiri pa tsiku, makamaka asanagone, ndi mankhwala ochepa ngati kanjere ka nsawawa. Akatha alavule, asameze.