Wenela, Theba ndi Zilembo za ku Sukulu

Anzanga akale, tonse tikukumbuka mmene tinkanyadira kutchula zidule chilembo chimodzichimodzi. Mayeso athu anali Jeyi-Si-I ndi Emu-Esi-Si-I, mpingo wa ku Embangweni unali Si-Si-E-Pi, ndipo bwana wa pa boma anali Di-Si. Kutchula motere kunali chizindikiro chakuti munthu anaponda m'kalasi. Amene sanaponde tinkawaseka, ndipo lero ndikuona kuti tinkalakwa.

Taonani chidule chimene chinalamulira moyo wa kuno ku Mzimba koposa zina zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, eni migodi ya golide ku Johannesburg anakhazikitsa bungwe lolemba antchito lotchedwa Witwatersrand Native Labour Association, mwachidule WNLA. Yesani kutchula: dabuliyu-eni-elo-e. Lilime likana! M'Chitumbuka, m'Chingoni ndi m'Chichewa, mawu amatha ndi a, e, i, o kapena u, ndipo zilembo zitatu zoumazo sizikanatheka kuyenda zokha. Tsono anthu anazipatsa mnofu, nati Wenela. Dzina limeneli linapambana mpaka azungu eni ake anayamba kuligwiritsa ntchito.

Ndi Wenela amene ananyamula abambo ndi amalume athu a ku Edingeni, Embangweni ndi Jenda kupita ku Joni. Ena anabwera ndi njinga, mabulangete ndi ndalama za fizi yathu. Ena anasanduka matchona. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Dr. Banda analetsa kulemba antchito nthawi yomweyo. Pamene ntchitoyi inayambanso mu 1977, bungwe linali ndi dzina latsopano, The Employment Bureau of Africa, TEBA. Palibe anavutika nalo: linasanduka Theba, kufikira pamene kulembako kunatha mu 1988. Koma Wenela sanafe. Ku Blantyre malo okwerera basi anatenga dzina lomweli, ndipo ambiri olitchula sadziwa kuti poyamba zinali zilembo zinayi papepala.

ADMARC ya 1971 inayenda njira yomweyo, nikhala Adimaki. Zipani zinagawikana: MCP ndi UDF tinkazitchula chilembo chimodzichimodzi, pamene AFORD ya a Chakufwa Chihana inali Afodi kuyambira 1992.

Tsono ife ophunzira tinakonda zidule mpaka kuziona pomwe palibe. Ndi angati mwa ife amene sanauzidwe kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration? Ine ndinakhulupirira zimenezi zaka zambiri, ndipo ndinaphunzitsanso ana anga. Si zoona. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza linga kapena mpanda, ndipo linalipo atsamunda asanamange maofesi awo. Popeza ofesi za akuluakuluwo zinkatchingidwa ndi mpanda, dzina la mpanda linasamukira kwa okhala m'kati mwake. Agogo amene ankati "ndikupita pa boma" ankalankhula bwino kuposa ife amene tinkalemba B.O.M.A. ndi madontho m'makope athu.