KHOSWE WA PAMKHATE: Mbiri ya Oyendera Malo Odyera mu Limbe ndi Blantyre

Ambiri a ife okhala ku Kanjedza nkhomaliro sitidyera pakhomo. Timadya m'malesitilanti a mu Limbe, m'matiyirumu ndi pa chiyimirire, tili ndi chikhulupiriro chakuti alipo wina wa zaumoyo wochokera ku khonsolo amene adalowa m'khitchinimo naona kuti mulibe makoswe, mphemvu ndi ntchentche. Ine ndafuna kulondola kumene ntchito ya munthu ameneyu idachokera, pakuti ndiganiza kuti chiyambi chake chikutivutabe.

Blantyre idayamba ndi mishoni ya Asikotchi m'chaka cha 1876, ndipo pofika 1895 inali ndi khonsolo yake. Limbe idakula ndi njanji imene idafika mu 1908 pamodzi ndi kampani ya fodya ya Imperial Tobacco. Makhonsolo a matauni awiriwa anali m'manja mwa Azungu, ndipo ukhondo umene ankaulabadira unali wa dera lawo. Amwenye adapatsidwa mbali yawoyawo. Antchito achikuda ankagona kunja kwa malire, monga ku Ndirande, kumene khonsolo sinkafikako ndi mpopi kapena ngolo ya zinyalala.

Masiku amenewo Atsamunda paliponse ankaopa mliri wa makoswe, umene udabuka ku Hong Kong mu 1894 nufalikira ndi sitima zapamadzi. Mu 1898 dokotala wa ku France, Paul-Louis Simond, adapeza kuti utitiri wa khoswe ndiwo umafalitsa nthendayi. Komabe mliri utafika ku Cape Town mu 1901, amene adasamutsidwa kupita ku Ndabeni anali anthu akuda, ndipo ku Johannesburg mu 1904 Amwenye ndi akuda adathamangitsidwira ku Klipspruit. Kuno kwathu mliriwu udaoneka ku Karonga mu 1916, nkhondo ili mkati, ndipo boma lidalamula anthu kuti aphe makoswe. Tsono maganizo amene adakhazikika anali akuti nthenda imachokera kwa munthu wosauka ndi mbale yake, ndipo mankhwala ake ndi kumchotsa pamaso.

Lamulo lalikulu la zaumoyo lidadza mu 1948. Lidapatsa oyendera mphamvu yolowa m'malo ogulitsira chakudya, kulanda chovunda ndi kulamula kuti zonyansa zichotsedwe. Matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956, nakhala mzinda mu 1966, ndipo mu 1972 kudabwera bungwe la Malawi Bureau of Standards. Koma lamulo la 1948 lidakhalabe, kotero kuti COVID-19 itafika mu 2020 boma lidatulutsa malamulo ake kuchokera m'buku lomwelo.

Nanga kagwiridwe ka ntchito kadasintha? Kolera idalowa m'Malawi koyamba mu 1973, ndipo chiyambire pamenepo wogulitsa chakudya ndiye amayamba kulozedwa chala mvula ikagwa. Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu pa ntchito yotchedwa Operation Dongosolo. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe adachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti kudaletsedwa. Sindinena kuti kuletsako kunali kulakwa, pakuti anthu ankafa. Ndinena kuti woyendera amaoneka maliro atayamba kale, ndipo mphamvu yake imathera pakhomo pa wophika.

Pali umboni wotiuza kumene tiyenera kuyang'ana. Pa chipatala cha Gulupu, odwala tayifodi amene magazi awo adapezeka ndi kachilomboka anali pafupifupi 14 pachaka pakati pa 1998 ndi 2010, koma mu 2014 adafika 782. Ofufuza atatsata ana odwala m'makomo mwawo, chimodzi mwa zimene adapeza chinali kuphikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje. Mayi wophika nsima pa chiyimirire satunga mu Mudi kapena mu Naperi chifukwa chokonda uve. Amapita kumeneko mpopi ukauma kapena chidebe cha madzi chikakwera mtengo.

Nkhani ya makoswe ili chimodzimodzi. Mwini lesitilanti woopa kutsekeredwa amathamangira kwa ogulitsa tameki m'mbali mwa msewu, nathira poizoniyo pafupi ndi thumba la ufa, ngakhale lamulo la mankhwala ophera tizilombo lidakhazikitsidwa mu 2000 kuti zotere zisachitike. Makoswe ochepa amafa, ena m'denga momwe sangatoledwe. Sabata isanathe abwera anzawo kuchokera m'ngalande yotsekeka ndi padzala losawoledwa kuseri kwa msika. Dzala ndi ngalandezo si za mwini lesitilanti, ndipo pa pepala la woyendera sizilembedwa ngati mlandu wa amene ayenera kuzisamala.

Akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhate wake pano ndi nkhomaliro ya wantchito wa mu Limbe ndi fizi ya ana a mayi wophikayo. Kutseka malo ake nkosavuta, ndipo Atsamunda adatisiyira njira imeneyo. Chimene sadatisiyire ndi woyendera amene akalemba wophika mlandu wa mphemvu, alembenso tsiku limene zinyalala zidawoledwa komaliza ndi masiku amene mpopi wakhala wouma, pepalalo nalipachika poti wakudya aliyense aliwerenge. Anzathu ophunzira zaumoyo wa pamalo ku Chichiri ndiwo adzanyamule mabuku amenewa mawa. Ndiwapempha kuti akamalowa m'khitchini, azitulukira khomo la kuseri naona kumene madzi otsukira mbale akupita.