Mfuti ya Sharps ndi nkhani ya mayadi 1,538

Mu June 2024 panakwana zaka 150 chichitikireni nkhondo ya ku Adobe Walls, kumpoto kwa Texas m'dziko la America, ndipo okonda mfuti zamakedzana anaifukulanso nkhani imene satopa nayo. Amati pa tsiku lachitatu la nkhondoyo, mlenje wina wa zaka 23 dzina lake Billy Dixon anabwereka mfuti ya Sharps kwa mnzake, nalunjika gulu la anthu okwera pa akavalo amene anaima pachitunda, n'kugwetsapo mmodzi pa mtunda wa mayadi 1,538. Awa ndi mamita 1,406, pafupifupi kilomita ndi theka. Amatinso ankhondo a mitundu ya Comanche, Kiowa ndi Cheyenne ataona zimenezi anagwa mphwayi n'kubwerera.

Nambala imeneyi imalembedwa ngati kuti wina anaima pomwepo ndi chingwe choyezera. Ine ndimaikayikira. Koma chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti nambalayi yatenga malo onse, moti mbiri ya mfutiyo, ndi ntchito imene inkagwira, zasanduka zokamba mothamanga.

Za chiyambi cha onga tili ndi zochepa. Unatulukiridwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kasakanizidwe kake kanadzakhazikika motere: pa magawo 100 alionse, 75 ndi mchere wotchedwa saltpetre, 15 ndi makala, 10 ndi sulufule. Kwa zaka mazanamazana mfuti zinali zothirira onga kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo, monga gogodela imene agogo athu ankaidziwa bwino. Mu 1848 Christian Sharps analembetsa luso la mfuti yotsekulira kumbuyo: ukakokera pansi chitsulo cha kunsi kwake, chotseka chimatsika, n'kulowetsa chipolopolo chimodzi. Poyamba onga unkakulungidwa m'pepala kapena m'kansalu, ndipo ndi mmene inagwirira ntchito pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Nkhondoyo itatha kunabwera makoko amkuwa, osunga onga, mtovu ndi kapoto pamodzi.

Mayina a zipolopolo zimenezi amanena okha zimene zili m'katimo. Mu .50-90, nambala yoyamba ndi kukula kwa bowo la mfuti, theka la inchi kapena mamilimita 12.7, ndipo yachiwiri ndi kulemera kwa onga pa muyeso wa grain, womwe 90 wake ndi magalamu pafupifupi 6. Asilikali a America anasankha .45-70 mu 1873. A Britain anali ndi Martini-Henry, yamtundu womwewo, imene inafika kuno ku Africa m'manja mwa asilikali ndi alenje. Osaka njovu ena ankanyamula zoposa pamenepo, za four bore, zoponya mtovu wa magalamu 113.

Kukula kwa mabowoku sikunali kunyada. Onga wakuda uli ndi malire: ngakhale uthire wochuluka, nthawi zambiri chipolopolo chimachoka pa liwiro la mamita 350 mpaka 450 pa sekondi, pamene mfuti za masiku ano zimadutsa 800. Amene ankafuna mphamvu yogwetsa nyama yaikulu analibe kuchitira mwina koma kuwonjezera kulemera kwa mtovu, ndipo mtovu wolemera umafuna bowo lalikulu. Vuto lina ndi mwaye. Onga ukapsa, woposa theka susanduka mpweya koma umatsala utsi ndi zotsalira zimene zimamata m'kati mwa mpope wa mfuti monga mwaye pa tsindwi la khitchini ya nkhuni. Bowo laling'ono limatsekeka msanga, lalikulu limapirirako.

Mfuti ya Sharps yotchedwa Model 1874 inayamba kupangidwa ku Hartford, Connecticut, mu 1871, ndipo wogula ankatha kuitanitsa mmene akuifunira: kutalika kwa mpope, kulemera kwake, mtundu wa cholozera, ndi kukula kwa chipolopolo. Zina zinkalemera makilogalamu 7. Munthu sanyamula chitsulo chotere pothamangitsa nyama. Chinapangidwira munthu wokhala pansi.

Chaka chomwecho cha 1871, ofufuta zikopa anapeza njira yosandutsira chikopa cha njati za ku America kukhala cholimba, choyenera malamba oyendetsa makina m'mafakitale. Njanji inafika ku Dodge City, Kansas, mu 1872. Msika, njanji ndi mfuti zinakumana pa nthawi imodzi, ndipo panalibe lamulo logwira ntchito loti liletse aliyense. Mlenje ankakwawira kumene mphepo siingatengere fungo lake kwa nyama, n'kukhala pa mtunda wa mayadi 200 kapena 300, n'kutsamiritsa mfuti pa timitengo tiwiri topingasa. Ankayamba ndi njati imene ikutsogolera gulu. Zinzake zikasowa wotsatira zinkangozungulirazungulira pomwepo, iye akugwetsa imodziimodzi, mpope ukatentha n'kuuthira madzi. M'mbuyo mwake munkabwera osenda ndi ngolo. Ankatenga chikopa, nthawi zina ndi lilime, nyama yonse n'kuisiya kuti iwolere m'tchire.

Akatswiri ambiri amati kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 njatizi zinalipo pafupifupi 30 miliyoni. Gulu la kum'mwera linali litatha pofika 1879, la kumpoto pofika 1883. Katswiri wa nyama William Hornaday atawerengera zotsala mu 1889 anapeza 1,000 ndi zochepa. Chilala, matenda ndi kuchuluka kwa ziweto zinali zitayamba kale kuzichepetsa, koma kumalizako kunachitika ndi mfuti, m'zaka zosakwana 15.

Apa m'pamene nkhondo ya ku Adobe Walls imamvekera bwino. Amuna 28 ndi mkazi mmodzi amene anazingidwa pa 27 June 1874 anali alenje ndi amalonda omwe anatsika kuchokera ku Kansas chifukwa njati zinali zitatha kumeneko. Analowa m'dera limene eni dziko ankadziwa kuti pangano la ku Medicine Lodge la 1867 linawasiyira kuti azisakamo. Quanah Parker, mtsogoleri wa a Comanche, ndi anzake ankateteza chakudya chawo, zovala zawo ndi zikopa za nyumba zawo. Chaka chisanathe chichitikire nkhondoyo anali atapanikizidwa mbali zonse, ndipo mu June 1875 Quanah anakadzipereka ku Fort Sill.

Mu September 1874 momwemo, pa mpikisano wowombera ku Creedmoor pafupi ndi New York, timu ya America yonyamula Sharps ndi Remington inapambana ya Ireland ndi mapointi 934 kwa 931 pa mitunda ya mayadi 800, 900 ndi 1,000. Ulemerero wa mfutiyi sunakhalitse. Fakitale ya Sharps, imene inasamukira ku Bridgeport mu 1876, inatsekedwa mu 1881. Mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga onga wopanda utsi, ndipo mfuti ya Lebel ya 1886, ya bowo la mamilimita 8 okha, inasonyeza kuti nthawi ya mtovu wolemera yatha.

Kuuka kwa Sharps kunadza patapita zaka pafupifupi 100. Kampani ya Shiloh inayamba kupanganso Sharps mu 1976, kenaka n'kusamukira ku Big Timber, Montana. Mu 1990 kunatuluka filimu ya Quigley Down Under, mmene Tom Selleck ananyamula Sharps ya .45-110, ndipo oitanitsa anachuluka moti ena ankadikira zaka kuti yawo ithe. Wogula amasankha thabwa la chogwirira, kutalika kwa mpope ndi zojambula pa chitsulo, monga ankachitira akale. Ambiri amasungunula okha mtovu, n'kupaka chipolopolo mafuta osakaniza ndi phula la njuchi, kapena kuchikulunga ndi kapepala kopyapyala. Pa mpikisano mumaona munthu akawombera, n'kulowetsa kapaipi kumbuyo kwa mfuti, n'kuuzira mpweya kangapo kuti chinyontho cha m'kamwa chifewetse mwaye asanawomberenso. Amalunjika zifanizo zachitsulo: nkhuku pa mamita 200, nkhumba pa 300, nkhukundembo pa 385, nkhosa pa 500. Ndi luso lenileni, lofuna kuleza mtima, ndipo sindilipeputsa.

Anthu amenewa ndi amene anakhumudwa katswiri wina wofufuza za zipolopolo atalemba kuti .50-90 singafikitse n'komwe mtovu pa mayadi 1,538. Chakumapeto kwa 1992 nkhaniyi inakayesedwa pa malo ena oyeserako zida za asilikali m'chipululu cha Arizona, kumene kunali makina a radar otha kutsatira chipolopolo chili m'mlengalenga. Anaitana opanga mfuti ndi wolemba nkhani za mfuti. Anamangirira Sharps pa chitsulo cholemera, n'kuipendeketsa m'mwamba madigiri 35. Chipolopolo chinali cholemera magalamu 44, ndipo chinachoka pa liwiro la mamita 370 pa sekondi. Chinakagwa pa mayadi oposa 3,500, makilomita atatu ndi kupitirira. Oyang'anira makinawo sanakhulupirire, ndipo anawomberanso kangapo, zotsatira n'kumafanana. Atatsitsa mpope kufika pa madigiri pafupifupi 5, mtovu unagwera pafupi ndi mayadi 1,500.

Kuyambira pamenepo anthu amati nkhani ya Dixon inatsimikizidwa. Chimene chinatsimikizidwa n'chakuti mfutiyo imafika. Kumenya munthu ndi nkhani ina. Pa mtunda umenewo chipolopolo chimakhala m'mwamba masekondi pafupifupi asanu, chimakwera mamita pafupifupi 30, ndipo chimatsika mopendekeka kwambiri moti ukalakwitsa mtunda ndi mamita 20 okha chimadutsa pamwamba pa wokwera kavalo kapena kugwera kutsogolo kwake. Kamphepo kochepa kamachikankhira pambali mamita angapo. Dixon ankalunjika gulu, osati munthu mmodzi, ndipo mwini wake, m'buku la moyo wake limene mkazi wake Olive anatulutsa mu 1914 iye atamwalira kale, ananena kuti unali mwayi. Mtundanso womwewo olemba mbiri sagwirizanapo: ena amaima pa 1,538, ena amati unali pafupi ndi 1,000. Ndiponso n'zovuta kuvomereza kuti anthu amene anamenya nkhondo kuyambira tsiku loyamba, nataya anzawo pamakoma a nyumbazo, anachoka chifukwa cha kuwomba kumodzi. Anali ataona kale kuti makomawo sakugumuka.

Palibe amene anachita kunama. Ogulitsa amafuna nkhani yokoma, opanga mafilimu amafuna ngwazi, ndipo wogula amene wadikira mfuti yake zaka ziwiri safuna kukumbutsidwa za milu ya mafupa imene inkatoledwa m'zigwa n'kukapera feteleza. Motero zolembedwa zachuluka pa masekondi asanu a chipolopolo chimodzi, pamene za njala imene inagwera a Comanche ndi a Kiowa njati zitatha zimapatsidwa mzere umodzi. Kuyesa kwa ku Arizona kuli ndi manambala ake onse, liwiro, madigiri ndi mtunda. Munthu amene anagwa pa kavalo uja, m'nkhani zambiri zimene okonda mfuti amalemba, satchulidwa dzina.

M'chaka chomwecho cha 1992, mitundu ingapo ya eni dziko inakhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa InterTribal Buffalo Council, lobwezera njati m'madera awo, ndipo mitundu yambirimbiri inalowamo. Mu 2016 dziko la America linalemekeza njati ngati nyama yoimira fuko. Lero zilipo mazana angapo a zikwi, koma zambiri zili m'mafamu, zowetedwa kuti zigulitsidwe nyama. Zosungidwa ngati nyama zakutchire ndi zikwi makumi ochepa chabe, ndipo gulu lodziwika kwambiri mwa izo ndi la ku Yellowstone.