Pepala la makolo a ku Korea

Senderani kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za anthu a ku Korea ndi pepala lawo lotchedwa hanji.

Kalelo, zokolola zikalowa m'nkhokwe chisanu n'kuyamba kuluma, anthu ankapita kukadula nthambi za mtengo wa dak, mbale wake wa mabulosi. Ankasankha za chaka chimodzi zokha. Ankazifutsa pa nthunzi kuti khungwa lisendeke msanga, n'kupala chikopa chakuda chakunja mpaka kutsala luzi loyera. Luzilo ankaliphika m'chidulo cha mapesi a soya kapena a mpunga, n'kukalitsuka kumtsinje, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira, akutola kachitsotso kalikonse. Akatero ankaliyala pamwala n'kulipuntha ndi chibonga mpaka lifewe.

Tsono tcherani khutu, pakuti nzeru yawo inagona apa. M'madzi osungunuliramo luzi lija ankathiramo madzi oterera ochokera ku mizu ya chomera cha banja limodzi ndi therere lathuli, kuti ulusi usaundane. Kukatentha, kuterera kuja kumatha mphamvu, n'chifukwa chake ntchitoyi inkayenera nyengo yozizira. Mmisiri ankatunga ndi kamphasa ka nsungwi, n'kumakapendeketsa kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, ulusi n'kulukana mbali zonse. Pepala lotere siling'ambika wamba. Likauma ankaliunjika n'kulisinjanso kuti lisalale.

Musaganize kuti linali lolembapo chabe, ayi. Ankamata nalo zitseko ndi mawindo, ndipo akalipaka mafuta ankaliyala pansi m'nyumba. Mu 1415 mfumu Taejong inachita kukhazikitsa ofesi ya boma yoyang'anira kapangidwe ka mapepala.

Nanga kulimba kwake! Mu 1966, anthu akukonza nsanja yamiyala ya Seokgatap pa kachisi wa Bulguksa ku Gyeongju, anapezamo mpukutu wa malemba a Chibuda. Akatswiri amati unasindikizidwa cha m'ma 751 kapena chakacho chisanafike. Zaka zoposa 1,200 uli m'mwala, zilembo zikuwerengekabe. Ine ndimati anthu amenewo anali amisiri enieni, ndipo ndimawavulira chipewa.

Lero mapepala otchipa a m'mafakitale anawalanda msika, ndipo amisiri otsala ndi ochepa, ambiri a imvi. Komabe ku Jeonju ndi ku Wonju alipo amene akupalabe khungwa la dak ndi manja.