Kufufuza Malo pa GPS ya M'manja ya Mapu Ambiri, Monga Zimachitikira ku Molumbo

GPS ya m'manja ndi kachipangizo kolandira uthenga kuchokera ku masetilaiti ozungulira dziko lapansi, ndipo kakamva anayi mwa iwo kapena oposerapo, kamawerengera pamene mwini wake waima ndi kumuuza m'manambala. Ntchito imeneyo kamaichita mokhulupirika, makamaka chiyambire Meyi 2000, pamene boma la America linaleka kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba. Koma kupeza malo polemba dzina lake kapena keyala yake ndi ntchito ina ndithu, imene siidalira masetilaiti konse, koma mapu amene anaikidwa m'kachipangizoko. Ndipo alangizi a zaulimi, oyeza minda, ogula nandolo ndi soya, kudzanso antchito a zaumoyo oyenda m'dera la Molumbo ku Mozambique, akamadandaula kuti GPS yawo yasokera, kawirikawiri cholakwa chimakhala m'mapu, osati kumwamba.

Mapu alionse otha kufufuzidwa amakhala ndi mbali ziwiri: chithunzi cha misewu, mitsinje ndi mapiri chimene maso amaona, ndi mlozera wobisika, ndiwo mndandanda wa maina wosanjidwa kuyambira dziko, chigawo, mzinda, msewu, mpaka nambala ya nyumba. Pofufuza, kachipangizoko sikawerenga chithunzi, kamawerenga mlozera; chotero dzina likhoza kuoneka poyera pa galasi, munthu n'kulilozanso ndi chala, komabe polilemba n'kuyankhidwa kuti silikupezeka. Izi zimachitika kwambiri ndi mapu aulere ochokera ku OpenStreetMap, ntchito imene inayamba mu 2004, ngati amene anawakonzera zipangizo za Garmin ndi pulogalamu ya mkgmap sanalamule kuti mlozera upangidwe.

Tsono munthu wa m'malire sakhutira ndi mapu amodzi. Popeza Molumbo ali m'chigawo cha Zambézia, pa njira yochokera ku Milange kunka ku Gurué, Malawi ali kumadzulo kwake ndipo Niassa ali kumpoto, woyenda kumeneko amaika mapu a Mozambique, naonjezera a Malawi chifukwa cha maulendo a pa chipata cha Muloza, mwinanso a Tracks4Africa ochokera ku South Africa, onsewo pamwamba pa mapu oyambira amene anabwera ndi kachipangizoko. Akale anati mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo mwambiwo uli woona pano: mapu onse akayatsidwa pamodzi, amodzi amaphimba anzake pa galasi, dzina limodzi limatuluka kawiri kapena katatu pa malo osiyana pang'ono, ndipo nthawi zina pa mndandanda wa maiko pamaoneka Malawi yekha, Mozambique osaonekapo, chifukwa mlozera umene ukuwerengedwa ndi wa mapu ena. Mapu awiri akapatsidwa nambala yofanana yowazindikirira, monga zimachitikira akatengedwa kwa wokonza mmodzi pa nthawi zosiyana, kachipangizoko kakhoza kuwayesa amodzi ndi kutaya ena. Zipangizo zakale za Garmin zinali ndi vuto linanso, pakuti zinkawerenga fayilo imodzi yokha ya mapu oonjezera, yotchedwa gmapsupp.img, kotero kuti wotumizamo mapu atsopano ankafafaniza akale osadziwa.

Maina a deralo nawonso ali ndi mbiri imene imasokoneza mlozera. Kufikira 2013 Molumbo anali gawo la boma la Milange, ndipo m'chaka chimenecho anakwezedwa kukhala boma palokha, pamodzi ndi Derre, Luabo, Mocubela ndi Mulevala. Mapu osanjidwa kale amamuika pansi pa Milange, atsopano amamuimika payekha, ndipo wofufuza pa khomo lolakwika sadzamupeza. Mapu a nthawi ya Apwitikizi amatcha Gurué kuti Vila Junqueiro, Cuamba kuti Nova Freixo, ndi Lichinga kuti Vila Cabral. Nyanja imene Amalawi amailemba Chilwa, ku Mozambique imalembedwa Chirua. Ndipo Milange ndi Mulanje, amene ali moyandikana ndi kumveka mofanana, ali m'maiko awiri. Ngakhale timizere ta pamwamba pa zilembo za Chipwitikizi timakwanira kubisa dzina, chifukwa chake ndi nzeru kulemba zilembo zitatu kapena zinayi zoyambirira zokha, ndi kusankha pa maina amene atulukewo.

Kakonzedwe ka vutoli n'kosavuta, koma kamafuna kudekha. Munthu alowe pa malo osankhira mapu, azime onse kupatula amodzi, ayese kufufuza dzina limene akulidziwa kuti lilipo, monga Quelimane kapena Mocuba. Likapezeka, ayese la Molumbo, ndipo atero ndi mapu alionse paokha kufikira adziwe amene ali ndi mlozera wamoyo ndi amene ali chithunzi chabe. Aonetsetsenso kuti wasankha dziko loyenera, ndi kuti kachipangizoko kakufufuza pafupi ndi kumene akupita, pakuti mwa chizolowezi chake kamayamba ndi zapafupi ndi pamene kaima. Zikakanikabe, achotse kadi ya microSD, aone ngati mulibe mapu obwerezedwa, ndi kuikamonso amene akufunika okha.

Komabe tiyenera kunena choona, kuti palibe kukonza kumene kungatulutse keyala imene sinalembedwepo. Kufufuza kwa msewu ndi nambala ya nyumba kunapangidwira mizinda, pomwe m'midzi ya Molumbo munthu amadziwika ndi mudzi wake, mfumu yake, mtsinje umene amatungako madzi, kapena tchalitchi chimene wayandikana nacho; ngakhale m'matauni a Mozambique maina onga Avenida Eduardo Mondlane ndi 25 de Junho amabwerezedwa kwambiri, moti osatchula tauni akhoza kutumizidwa ku Maputo. Safunsa anadya phula: wanzeru amafunsa eni dziko, nafika pamalopo, nasunga manambala ake m'kachipangizoko pansi pa dzina limene eni akewo amatchula.

Manambalawo nawonso ali ndi malamulo ake. GPS imawerengera pa muyeso wa WGS 84, pomwe mapu akale a pepala a ku Malawi anajambulidwa pa Arc 1950, ndi ambiri a ku Mozambique pa muyeso wa Tete, ndipo kusakaniza miyesoyi kumasuntha malo ndi mamita ochuluka ndithu, okwanira kuika chitsime m'munda wa munthu wina. Kuonjezera apo, mzere wa madigiri 36 kum'mawa, umene umalekanitsa zoni 36 ndi zoni 37 za njira yolembera manambala a malo yotchedwa UTM, umadutsa pakati pa Milange ndi Gurué, kotero kuti wolemba manambala a UTM m'dera la Molumbo ayenera kulembanso zoni yake ndi muyeso umene anagwiritsa ntchito.