Mlendo Akadzisewera Yekha

Ambiri akamalemba mbiri ya zisudzo m'Malawi muno amayambira m'makalasi a amishoni nkudzathera pa wailesi. Ine ndifuna kuyambira pena, pa bwalo la sukulu ya kwathu kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, m'chaka cha 1988, ndili mnyamata wa sitandade 6.

Odziwa malowo akudziwa kuti kumeneko msewu waukulu ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa mu 1986, anthu a ku Angonia adangooloka msewuwo atasenza mitolo, nadzamanga zisakasa kuseri kwa nkhokwe zathu. Pofika 1992 dziko lino lidali litalandira othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Kwathu adali olankhula chinenero chathu chomwechi, ena achibale enieni. Komabe chikondi chidazirala msanga. Iwo ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, ife tikugonera mbatata. Nkhuni zidasowa m'phiri, pa chitsime padayamba ndewu. Akulu ankati mlendo ndi mame, koma mame awa sadali kukamuka.

Tsiku lotsekera sukulu, ana a alendowo adapempha kuchita sewero. Tidaseka kwambiri poona mnyamata atanyamula phesi ngati mfuti, akuyenda modzitukumula. Kenaka mtsikana wina adabisala kuseri kwa desiki, atabereka chitsononkho, nachitseka pakamwa ndi dzanja kuti chisalire. Pamenepo gogo wina wa tsidya ilo adaimirira pakati pa anthu, nati, "Iai mwanawe, sitinkatseka ndi dzanja. Tinkamuika bere, ngakhale louma." Adalowa m'bwalo namuonetsa. Phokoso lonse lidatha. Madzulo ake amayi, amene adakangana ndi gogoyo pa chitsime mlungu womwewo, adandituma kukampatsira nkhuni.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti chachilendo chidali chiyani tsiku lija, pakuti mlendo m'bwalo lathu si wachilendo. Gule Wamkulu adasunga kalekale mbiri ya obwera: muli Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, muli Maria, muli ngakhale galimoto. Beni ndi malipenga adatengera perete wa asilikali a atsamunda. Koma m'magule onsewa ndife eni mudzi amene timamuvina mlendo, kumuyesa ndi kumuseka, iye alibe pakamwa. Alomwe amene adathawa ukapolo wa Apwitikizi kuyambira m'ma 1890, nadzagwira thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, tidawapatsa dzina lachipongwe, ndipo ambiri adabisa chinenero chawo. Tchopa wawo adadzalembedwa ndi UNESCO mu 2014, patapita zaka zoposa 100. Tsono chachilendo ku Lizulu chidali ichi: mlendo adadzisewera yekha, ife tidakhala pansi.

Nditafika ku Zomba ndidapeza kuti zimene gogo uja adachita mosaphunzira zidali kale ndi aphunzitsi ake. Gulu la zisudzo loyendayenda la Chancellor College, motsogozedwa ndi a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, lidali litasiya kungotengera anthu masewero okonzeratu. M'dera la Liwonde, kuyambira 1985, ophunzira ankayamba akhala ndi anthu, kumva madandaulo awo a zitsime ndi matenda, nkupanga sewero lopanda mathero, kuti oonera alowemo ndi kutsutsa. M'masiku amenewo, pamene munthu ukanatha kumangidwa chifukwa cha ndakatulo monga adachitira a Jack Mapanje mu 1987, bwalo lotere lidali malo osowa pomwe wamba akanalankhula mfumu ikumva.

Mtendere wa Mozambique utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anansi athu adabwerera kwawo, koma nkhani sidathere pomwepo. Mu 1994 boma lidatsegula msasa wa Dzaleka ku Dowa, wolandira othawa ku Rwanda, Burundi, Congo, Somalia ndi Ethiopia. Dzina lokhalo ndi mbiri: idali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Banda, ndipo a Mboni za Yehova ambiri adatsekeredwamo m'ma 1970, anzawo atathawira ku Sinda Misale, ku Zambia, mu 1972. Tisaiwale kuti nafenso tidasenzapo mitolo.

Alendo a ku Dzaleka sali ngati a ku Angonia. Chinenero nchosiyana, chibale palibe, ndipo lamulo limawaletsa kukhala kunja kwa msasa. Ndiye anthu adzawadziwa bwanji? Mlakatuli wina wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, adaitembenuza nkhaniyo: ngati mlendo sangatuluke, eni dziko alowe. Mu 2014 adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, mau a Chiswahili otanthauza chiyembekezo, pomwe nyimbo, magule, ndakatulo ndi zisudzo zimachitika m'kati mwa msasa momwemo, ndipo ena obwera kudzaona amagona m'nyumba za othawa kwawowo. Nditapitako ndidaona anyamata akusewera za mzere wolandirira chakudya, akusakaniza Chiswahili, Chifalansa ndi Chichewa, ndipo amayi a m'midzi yozungulira ankaseka pamalo oyenera kuseka. Mlendo uja tsopano ndiye adatiyalira mphasa.

Sindifuna kunamiza awerengi kuti sewero limagwetsa mpanda. Msasa womangidwira anthu pafupifupi 12,000 udafika posunga oposa 50,000. Mu May 2023 apolisi adagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'makwalala a Lilongwe, ena nkuyamba awasunga ku ndende ya Maula asanawabwezere ku Dzaleka, ndipo alipo Amalawi amene adaomba m'manja. Kapena ena mwa iwo adaomberanso m'manja ku Tumaini. Bwalo la masiku awiri kapena atatu silingapose lamulo la chaka chonse.

Komabe ndaona ndi maso anga chimene bwalo lingathe. Silidawonjezere nkhuni m'phiri la kwathu, koma lidasintha mwini wa mtolo umodzi. Ife amene timalemba masewero pa koleji pano timafulumira kulemba za othawa kwawo, kuwaveka misozi yomwe taiganizira tokha. Tikatero tikungovinanso Simoni. Ntchito yathu ndi kusesa bwalo, kuitana mudzi, ndi kusiya mpata woti gogo wina aimirire nkunena kuti, "Iai mwanawe, sizidali choncho."