Tizisumbu ta Azores ndi Othawa Nkhondo a pa Nyimba

Anthu a ku Migodi ndi a ku Lusaka amene kwao ndi kwa Mwape, kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo anamva kwa akulu ao kuti dziko la Zambia litangolandira ufulu, Boma linapatsa malo pa Nyimba anthu othawa m'dziko la Apwitikizi. Othawawo sanali alendo kweni-kweni, pakuti Ansenga ndi Acewa akhala mbali zonse ziwiri za malire kuyambira kale, nakwatirana, nalirana maliro. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mabvuto a anthuwa anali omangika ku tizisumbu tina ta pakati pa nyanja ya Atlantic, ndiponso ku mzinda wa Washington ku Amereka.

Tizisumbuto ndito Azores, ta dziko la Portugal. Pa kamodzi ka ito, ka Terceira, pali bwalo lalikulu la ndege dzina lake Lajes. Masiku aja ndege zonyamula asilikari ndi katundu wolemera zinali kutera pamenepo kumwa mafuta pa ulendo wocokera ku Amereka kunka ku Ulaya. Portugal analowa m'cigwirizano ca nkhondo ca NATO m'caka ca 1949, ndipo m'caka ca 1951 wolamulira wake, Dr. Salazar, anabwereka bwalolo kwa Aamereka. Cobwereka ciri ndi mwini wake, ndipo Salazar sanaiwale zimenezo.

John Kennedy atakhala Purezidenti mu January 1961, zinaoneka ngati mphepo yatembenuka. Mu March caka comweco, pamene nkhani ya Angola inafika ku bungwe la United Nations, nthumwi ya Amereka, Adlai Stevenson, inaponya voti motsutsa Portugal, pamodzi ndi Russia. Mu April Kennedy analandira Bambo Kenneth Kaunda ku White House, Northern Rhodesia akali m'manja mwa Angerezi. Ku Lisbon khamu la anthu okwiya linazinga nyumba ya kazembe wa Amereka.

Komatu cimwemweco sicinakhalitse. Mu August 1961 linga linamangidwa pakati pa mzinda wa Berlin, ndipo mu October 1962 Amereka ndi Russia anatsala pang'ono kuthirana nkhondo cifukwa ca zida zoopsa zimene zinaikidwa ku Cuba. Akulu a nkhondo anauza Kennedy kuti popanda Lajes sakanatha kutumiza asilikari ku Ulaya msanga. Tsono pangano la bwalo lija linali kutha pa mapeto a 1962, ndipo Salazar anakana kulemba lina. Anangowalola kukhala, podziwa kuti akhoza kuwacotsa tsiku liri lonse. Nkhalamba ya dziko laling'ono ndi losauka inagwira dziko lamphamvu pa mphuno. Pofika July 1963, nkhani ya maiko a Apwitikizi itabweranso ku United Nations, Amereka anapinda manja osaponya voti.

Cozizwitsa ndi cakuti mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, Dr. Eduardo Mondlane, anaphunzira ku Amereka komweko, ku Oberlin ndi ku Northwestern, naphunzitsa ku Syracuse, nakwatira mkazi wa komweko. Anali ndi abwenzi ambiri m'dzikolo, koma ubwenzi wa munthu sunalemere ngati bwalo la ndege. Anaphedwa ndi bomba la m'phukusi ku Dar es Salaam pa 3 February 1969.

Apo nkuti nkhondo itafika kale pa khomo la Petauke. Mu March 1968 ankhondo a FRELIMO anayamba kumenya m'cigawo ca Tete, polowera ku Zambia. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda, naocha nkhokwe, ndipo ndege zao sizinasamale malire. Pa 30 June 1969 zinaponya mabomba pa mudzi wa Lote m'boma la Katete. Zambia anakasuma, ndipo pa 28 July kabungwe kosunga mtendere ka United Nations kanadzudzula Portugal. Maiko 11 anabvomera. 4 anapinda manja, ndiwo Britain, France, Spain ndi Amereka. Mudzi unapsa ndithu, mlandu unali poyera, koma mau a Washington sanamveke.

Richard Nixon sanabise konse mbali imene anaima. Mu December 1971 anapangana pangano latsopano la Azores, nalonjeza Portugal ngongole ya madola mamiliyoni 400. Patapita caka cimodzi asilikari a Apwitikizi anapha anthu mazana pa mudzi wa Wiriyamu pafupi ndi Tete, ndipo mbiriyo inabuka mu July 1973 mwa wansembe wina Mngerezi, Adrian Hastings. Koma mu October caka comweco, pa nkhondo ya Israel ndi Aluya, ndege za Amereka zonyamula zida zinatera pa Lajes pamene maiko ena a ku Ulaya anakana. Salazar anali atamwalira, koma msampha wake unali wogwirabe.

Amene anaucotsa sanali Aamereka iai, koma asilikari a Portugal eni ake, otopa ndi nkhondo, amene anagwetsa Boma lao pa 25 April 1974. Pangano lopatsa Mozambique ufulu linalembedwa ku Lusaka pa 7 September. Mu April 1975 Purezidenti Kaunda anadzudzula Amereka pamaso pa Gerald Ford, pa phwando la ku White House, ndipo pa 27 April 1976 Henry Kissinger anaima mu Lusaka nanena kuti Amereka afuna ulamuliro wa anthu ambiri ku Rhodesia. Mau abwino, koma kwa a ku Tete anafika mvula itakata kale, pakuti Mozambique anali mfulu kuyambira pa 25 June 1975.

Othawa anabweranso pa nkhondo ya RENAMO, ndipo m'caka ca 1987 Boma linawatsegulira malo a Ukwimi m'boma la Petauke. Ulendo uno ena a m'nyumba ya malamulo ya Amereka, monga Jesse Helms, anafuna kuti RENAMO athandizidwe, koma Boma la Ronald Reagan silinabvomere. Ndipo mu April 1988 Robert Gersony, amene Bomalo linamtuma kukafunsa othawa eni ake, analemba kuti RENAMO ayenera kuti anapha anthu wamba osacepera 100,000. Mtendere unapanganidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo a pa Ukwimi ambiri anabwerera kwao m'caka ca 1994.